Telala Wopanda Chithunzi

Mwamuna wolira pa polisi sindimukhulupirira msanga, koma uyu ndinamukhulupirira. Sankalira mokuwa ngati aja oberedwa foni m'minibasi. Ankangopukuta m'maso ndi kampango koyera kosita bwino, n'kupepesa, n'kupukutanso. Anati ndi Killian Mulubwa wa ku Kitwe, ndipo mlongo wake wasowa. Linali Lachiwiri m'mawa, ine ndisanamwe ndi tiyi yemwe.

"Kuno bamuziba ati Anita, kunyumba ni Mwango," anatero m'Chinyanja chonunkhira Chibemba. "Asebenza kwa telala mu maketi ya Kabwata. Pa Satade ananitumila foni, alila, ati bwela. Ine nafika pa Mande, nyumba ilibe muntu. Ba sajeni, mukwai, nasala na yeve chabe."

Anaika tikiti ya basi patebulo ndisanamufunse n'komwe. Inali ya Lolemba, yochokera ku Kitwe.

"Pikicha yake muli nayo?" ndinafunsa.

"Awe. Safuna kujambuliwa. Zakale zinapya na nyumba."

"Nanga chizindikilo pathupi? Chilonda, nembo, chilichonse."

Sanaganize n'komwe. "Ali na chipsela pa ntchafu ya kumanzele, pamwamba, chamukati. Chioneka monga nsimbi yositila, chosongoka kusogolo."

Ndinalemba mawuwo mmene anawanenera, osadzutsa mutu, ndipo nambala yake ndinaisunga m'foni.

Ine ndine Sajeni Keziah Njobvu, ndipo ndivomere: m'foni mwanga muli zithunzi zanga zoposa zikwi zitatu. Ndikaluka tsitsi ndimajambula. Ndikagula nsapato ndimajambula. Mwana wanga akathothoka dzino, Lusaka yonse imadziwa tsiku lomwelo. Choncho munthu wopanda chithunzi pa Fesibuku ndinkamuona ngati nyumba yotseka makatani masana. Ndinkati ngati si mwamuna wa mwini wobisala kwa chibwenzi, ndiye wakuba, ndipo ngati si wakuba ndiye wodziona wonyansa. Zaka khumi ndi zitatu ndili m'chipolisi, maganizo amenewa anali asanandinamizepo, kapena kuti ndinali ndisanadziwe kuti amandinamiza.

*

Anita ankachita lendi chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya Amake Reuben, mayi wonenepa wa mawu ngati wolengeza m'tchalitchi. Killian anawagwadira powapatsa moni, ndipo mayiwo anasungunuka pomwepo. Killian ndinamuuza kuti adikire pageti.

Chitseko cha chipindacho chinali chosakhoma. Pakhonde panali mbaula yozima, pamwamba pake poto wa nyemba zopserera mpaka kuda. Pabedi panali foni yaing'ono yamabatani, yochotsa simu. Khoma linali mbee, kupatula kalendala ya sitolo ya nsalu.

"Pa Satade, ma leveni awazi, anabwela athamanga kuchoka ku maketi," anatero Amake Reuben. "Nenze kuwasha. Nati Anita ni chani, sanayanke. Nangena munyumba kutenga sopo, pochoka muntu kulibe. Na chola kulibe."

"Chola chabwanji?"

"Chenze kumbuyo kwa chiseko. Zaka sikisi chili pamene paja, chopakila, monga muntu wapamimba alindila kuyenda ku chipatala."

"Abale benze kubwela?"

"Olo umozi. Uja mulongosi ni manje namuona. Koma ba sajeni, mukazi uja ine sinimumvela. Lendi pa wani yalipiliwa, mowa iyai, bamuna iyai. Koma mukangonyamula foni so, ayangana kumbali. Pa ukwati wa Reuben tonse ba pa yadi tinaimilila kujambula, yeve ati letani foni nikujambuleni ine. Lyonse ni yeve ojambula benangu. Ine nenze kukamba ati ni matama. Ba mulamu banga ati iyai, bamene bakana mapikicha bali na vamankwala, kamela imabaonesa vamene bali."

Ndinaseka, koma mumtima ndinali pafupi ndi mlamu wawoyo. Chola chopakira, simu yochotsa, nkhope yobisa: ndinati mkaziyu ali ndi mlandu kwinakwake, kapena wagwa m'manja mwa anthu amene anawalakwira. Potuluka ndinafunsa Killian chifukwa chimene sanabwerepo zaka zonsezi. Anaweramitsa mutu n'kunena kuti panali mkangano wa pabanja pa maliro a mayi awo, ndipo wolakwa anali iyeyo. Munthu akadzinenera yekha kulakwa, sumufunsanso kawiri.

*

Shopu ya telala inali yokhoma. Mwini wake, Ba Kathleen, anali ku maliro ku Chongwe kuyambira Lachisanu, ndipo foni yawo sinkalowa. Wogulitsa mabatani ndi ulusi pafupi anangondiuza kuti Loweruka m'mawa, Anita atapita kukagula zipi, kunabwera mwamuna wa chipewa kudzamufunsa. Nkhope sanaione bwino. Anita atabwerako n'kumva zimenezi, anasiya makina ali ndi nsalu pakamwa n'kuthamanga.

"Ngati ni pikicha mufuna, yesani Saul," anatero. "Uja ajambula na mbuzi."

Saul ndinamupeza m'kashopu kake ka malata, akudula zithunzi za pasipoti. Ndi mmodzi wa ojambula aja osaitanidwa. Kukakhala kicheni pate, phwando lija la amayi lolangiza mkwatibwi, iwo amalowa n'kumangothetha aliyense, kenako n'kuthamanga kukatsuka. Phwando likamatha, zithunzi zaandalikidwa pansi pageti, aliyense afune nkhope yake agule.

"Anita? Uja ni kasitoma wanga namba wani, koma wodabwisa," anatero Saul, lumo lili m'manja. "Akakumana na ine pa fankishoni, achoka fesiti, ayenda pa geti, asakila mapikicha yonse yamene alimo, olo aoneka chabe kutu. Agula yonse. Apa manje ang'amba pamenso panga, twapisi twapisi, afaka mu chola. Pasi sataya. Futi akuti dilita mu kamela, niona. Nenze kumufunsa ati sisi, nkope yabwino so? Ati Saul, iwe jambula bamene bafuna kuoneka."

"Ndiye ulibe olo imozi."

Anakanda kumutu. "Imozi ilipo."

Masabata awiri apitawo kunali kicheni pate ku Woodlands. Anita ndiye anasoka diresi ya mkwatibwi, ndipo anangolowera kukhomo la kuseri kudzakonza mpendero umene unasosoka. Saul anamuthetha atagwada, mapini ali kukamwa, atadzutsa maso. Anita sanaone, ndipo anatulukira kuseri komweko osadutsa pageti. Chithunzicho chinatsala chopanda wogula. Saul anaona kuti chatuluka bwino kwambiri, ndiye anachiika patsamba lake la Fesibuku kuti akope makasitomala, n'kulemba pansi pake kuti diresi yasokedwa mumsika wa Kabwata.

Anandionetsa. Anali mkazi wa zaka ngati makumi atatu ndi mphambu, wa maso aakulu ndi kampata kumano. Panalibe chonyansa chilichonse pankhopeyo.

"Kuli anafunsapo za pikicha iyi?"

"Mwamuna wina anatuma foni pa Fulaide. Ati afuna telala uja amusokele mukazi wake, shopu ili pati? Ninamulangiza. Ni bizinesi, ba sajeni."

"Namba yake?"

"Mafoni ni yambili. Nizasakila, nizakutumilani."

Mwamuna wa foni Lachisanu, mwamuna wa chipewa Loweruka, mkazi n'kusowa tsiku lomwelo. Masiku atatu anali atatha kale, ndipo ndikudziwa zimene masiku atatu amachita kwa mkazi wosowa. Ndaziona m'ngalande, ndaziona m'minda ya chimanga. Sindinafune kudzazionanso pa nkhope ya mapini kukamwa ija.

Ndinauza Saul anditumizire chithunzicho. Nditapita kukamuonetsa Killian, anagwira pakamwa.

"Ni yeve," anatero. "Ba sajeni, imwe muli na bantu bambili pa Fesibuku. Mukafaka imwe, bantu bazamvela."

Sanafunikire kundikakamiza. Pa ola lachitatu masana ndinaika chithunzicho patsamba langa ndi m'magulu onse a Watsapu amene ndilimo, a tchalitchi, a chilimba chathu chosonkherana ndalama, a makolo a kusukulu. Ndinalemba kuti mayiyu wasowa, abale ake ali m'misozi, amene wamuona aimbe. Pansi ndinaika manambala awiri, yanga ndi ya mlongo wake. Pofika madzulo anthu chikwi chimodzi anali atachigawa kale. Ndinadya mgonero ndikudzitama kuti ntchito imene ena amaigwira mwezi, ine ndaigwira ndi chala chimodzi.

*

Lachitatu m'mawa Ba Kathleen anatsegula shopu. Ndi mayi wowonda wa magalasi a chingwe, mlangizi wa atsikana okwatiwa ku tchalitchi kwawo, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga masitichi. Za kusowa kwa Anita anali atangozimva pakhomo la msika. Foni yawo ndi yamabatani, choncho chithunzi changa anali asanachione.

"Mwati ndani anabwela kulipota?" anafunsa.

"Mulongosi wake."

"Anita alibe mulongosi. Anabadwa yeka."

"Banayambana kudala, mwina ndiye chifukwa sanakuuzeni. Amuziba bwino. Ananiuza na chipsela."

"Chipsela chiti?"

Ndinatsegula kabuku kanga n'kuwawerengera. Ba Kathleen anavula magalasi n'kundiyang'ana mmene amayang'anira mtsikana wobwera ku chilangizo atavala kabudula.

"Mwana wanga, uli na mulongosi mwamuna?"

"Babili."

"Baziba vili pa ntchafu yako, pamwamba, chamukati?"

Alongo anga sakhala ngakhale pa bedi langa. Zovala zanga zam'kati zikakhala pachingwe amalambalala. Izi ndazidziwa kuyambira ndili ndi zaka khumi, koma dzulo lake ndinalemba mawu aja ngati ndikulemba nambala ya galimoto.

"Chipsela chija ine nachiona kamozi, pomupima siketi," anapitiriza Ba Kathleen. "Sichapaubwana. Ni nsimbi ya malaiti. Mwamuna wake ndiye anamushoka, chifukwa shati inachedwa kusitiwa. Anamuuza ati tsiku uzathaba, nizakupeza, nizasiliza. Anathaba ku Kitwe na chola chimozi."

Anakhala pa mpando wa makina a Anita, n'kuyamba kuchotsa nsalu inatsala pa singano ija.

"Bantu benze kukamba ati ni matama, benangu ati ni mankwala. Na ine poyamba nenze kumuvuta, ati tiye tijambule tifake shopu pa Fesibuku. Ananiyanka ati ba mami, pikicha ili na mendo. Ine nikagona, yeve iyenda. Ifika kwamene ine sinifuna kufika, ikamba na bantu bamene ine sinifuna kukamba nabo. Ati benangu bajambula kuti bantu bazibe kuti balipo, ine nilipo chifukwa kulibe aziba. Kuchoka apo sininamuvute futi. Bamene bakana mapikicha ni bambili, mwana wanga. Winangu ayopa nsanje, winangu afuna chabe umoyo wake unkale wake. Ukapeza so, funsa fesiti."

Safunsa anadya phula. Foni yanga inalira kamodzi: uthenga wa Saul, nambala ya mwamuna anaimba Lachisanu uja. Ndinaidina kuti ndiimbe. Isanayambe n'kuitana komwe, foni inachotsa manambala aja n'kulemba dzina limene ndinasunga ndekha dzulo lake: Ba Killian, mlongo wa Anita.

Ndinadula msanga. Tikiti ya Lolemba ija aliyense akhoza kuitola pansi pa siteshoni ya mabasi. Killian, mwamuna wake wa Anita, anafika Loweruka, anamuphonya pang'ono, ndipo Lusaka itamukulira anabwera kwa ine ndi kampango kake koyera kuti ndimufunire.

"Wachita chani?" anafunsa Ba Kathleen, poona nkhope yanga.

Ndinawaonetsa foni. Ogawa anali atakwana zikwi zinayi ndi mazana awiri. Ndinafufuta chithunzicho patsamba langa, koma chinali chitabereka kale. Ena anachikopera pamasamba awo, ena m'magulu amene sindiwadziwa, aliyense ndi pemphero lake pansi. Ndinatsegula tsamba la gulu la amayi a m'makomboni, lija la anthu ochuluka kwambiri, n'kutsika m'ndemanga. Ambiri anangolemba kuti Mulungu amuteteze. Ndemanga yomaliza inali ya mayi wina wamtima wabwino, yolembedwa mphindi makumi anayi zapitazo. Anati wosowayo wamuona ku Chelstone, msewu wachiwiri kuchoka pa thanki yamadzi, nyumba ya geti yobiriwira, ndipo waimbira kale nambala ya mlongo wake ija kumuuza.

*

Galimoto yathu inali itapita kukhoti ndi akaidi. Ndinaimitsa takisi pakhomo la msika, Ba Kathleen n'kulowa kumbuyo osafunsa. Ndinawapatsa nambala ya apolisi anzanga a dera la Chelstone kuti aimbe pa foni yawo. Ine ndinaimbira Killian, mawu nditawafewetsa, kuti ndimunamize kuti tamupeza mlongo wake ku Chunga, abwere msanga. Foni inaitana mpaka kuduka. Ndinaimbanso. Ulendo wachitatu inali yotseka.

Tinayenda bwino mpaka kulowa msewu wa Great East, pamenepo zonse zinaima. Lole ya simenti inali itafera pakati pa msewu, ndipo maminibasi anali atatseka ngakhale m'mbali mwa msewu. Woyendetsa takisi anazimitsa injini kuti asunge mafuta. Ndinamukalipira mawu amene sindingawalembe pano.

Foni yanga inalira. Nambala yachilendo.

"Ndimwe ba sajeni Njobvu?" Anali mawu a mkazi, otsika kwambiri.

"Ndine. Ndani?"

"Ndine wamene mwafaka pa Fesibuku."

"Anita, mvela. Choka pamene ulili manje manje. Aziba kwamene uli."

"Niziba. Bene ba nyumba yamene nabisamamo bayenda kunchito, banikomela mukati kuti ninkale bwino. Geti ni yokoma, kiyi bayenda nayo. Mwana wa neba ndiye wanibweleka foni pa windo, ati anti onani, mwachuka." Anapuma pang'ono. "Muli motoka yoyela panja. Yaimilila kudala."

"Bapolisi babwela. Na ine nili munjila, nili na ba Kathleen. Ngena mu bafa, koma chiseko, usadule foni."

Ba Kathleen anali akufotokozera wapolisi wa ku Chelstone za thanki ndi geti yobiriwira, kubwereza katatu. Anati galimoto yawo ili ku ngozi cha ku eyapoti, koma atumiza awiri wapansi. Ndinatsika m'takisi n'kuyamba kuthamanga pakati pa magalimoto, foni ili kukhutu, maso akufuna njinga yamoto iliyonse.

"Ba sajeni," anatero Anita. Tsopano mawu ake ankamveka ngati ali m'kachipinda kakang'ono. "Munanifunsa?"

"Nenze kuganiza ati bakugwila. Nenze kufuna kukupulumusa."

"Sinasobe. Nenze nabisama." Sankalira, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka koposa. "Zaka sikisi. Sininayende pa malilo ya batate banga. Nilibe pikicha olo imozi yokumbukila kuti nenze musikana. Nenze kuziba nkope yanga mu gilasi chabe. Zaka sikisi ananisakila yeka, anakangiwa. Imwe siku imozi."

Ndinapeza wanjinga pafupi ndi mlatho wa oyenda pansi. Ndinamuonetsa chitupa, n'kukwera ndisanamve yankho lake. Tinadutsa pakati pa mabasi, mawondo anga akukhula zitsulo. Ndinkawerenga malo mumtima: Munali, kenako mphambano, kenako thanki. Mphindi khumi, mwina khumi ndi ziwiri. Mphepo inkandiphimba khutu, ndiye ndinakanikiza foni mpaka kuwawa.

Ndinamva chitsulo chikulira, ngati munthu wakwera geti n'kudumphira mkati. Kenako kugogoda katatu, kwaulemu, ngati kwa mlendo wa tchalitchi.

"Mwango," mawu a mwamuna anamveka chapatali. "Isula. Nine."

"Anita, usayanke," ndinanong'ona. "Nili pafupi. Nili pafupi maningi."

Sindinali pafupi. Thanki ya Chelstone inali isanaoneke n'komwe. Ndinamva thabwa likuthyoka, kenako lina. Ndinamva mpweya wa Anita ukuthamanga, kenako foni inagwa pa simenti n'kugubuduka. Ndinaitana dzina lake, lija la ku Kabwata ndi lija la kwawo lomwe, mpaka wanjinga anacheuka.

Wina anaitola foniyo. Anapuma kaye kuti mpweya ubwerere, ndipo polankhula mawu ake anali ofatsa ngati dzulo lija patebulo langa.

"Ba sajeni, mukwai," anatero Killian. "Namupeza. Zikomo maningi, mwanitandiza."

Foni inaduka, ndipo patsogolo pathu thanki yamadzi inayamba kuonekera pamwamba pa mitengo.